Tinaganizira akuba ndi temeki, pamene chomwe chinapweteka galu wathu chinali pakhonde

Tinasamukira ku Zomba mu Malichi chaka cha 2024, ndipo nyumba ya lendi imene tinapeza inali yakale, ya m'gulu la nyumba zija zinamangidwa m'munsi mwa phiri pa nthawi imene mzindawu unali likulu la dziko. Chimene chinandikopa kwambiri chinali bwalo lake, chifukwa amene anakhalamo kale anali okonda maluwa, ndipo anasiya mitengo ndi zitsamba zambiri zomwe mayina ake sindinkawadziwa. Mbali zonse ziwiri za masitepe okwerera pakhonde panali timitengo tiwiri tofanana ndi kanjedza wamfupi, ta thunthu lonenepa lokhakhala ngati chinanazi chachikulu, ta masamba olimba obiriwira kwambiri ndiponso osongoka. Pakati pa kamtengo kamodzi panali njere zambiri zofiirira, zazikulu ngati dzira la nkhunda. Mlendo aliyense amene anabwera ankatiyamikira timitengoto, ndipo ine ndinkanyada ngati ndinadzala ndekha.

Mu Meyi tinatenga kamwana ka galu kuti kadzatithandize kulondera, ndipo ana anakatcha Mphezi chifukwa cha liwiro lake. Tinamupatsa katemera yense wofunika, wa chiwewe ndi wa matenda ena a ana a agalu, ndipo ndinkakhulupirira kuti pa nkhani ya umoyo wake ndachita mbali yanga. Pofika mu Okutobala anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, msinkhu umene galu amatafuna chilichonse chimene wapeza, kaya nsapato, kaya chitsononkho, kaya paipi ya madzi.

Tsiku lina Lachisanu chakumapeto kwa mwezi umenewo, bambo amene amatisamalira pabwalo anati akonzeretu maluwa mvula isanayambe. Anadula masamba akale a timitengo tija, nachotsa njere zomwe zinali zitatsala pakati, ndipo zonse anaziunjika pafupi ndi dzala kuseri kwa khitchini kuti akazitenthe zikauma. Sanalakwe kanthu, popeza ndine ndinawauza kuti ayeretse. Cha m'ma 4 koloko madzulo mwana wanga wamkazi wa zaka khumi anaona Mphezi atagona pa muluwo akukukuta kanthu kofiira, koma sanachione ngati nkhani yoti n'kuuza munthu.

Nditafika kuchokera kuntchito cha m'ma 6 koloko ndinapeza galu akusanza. Anasanza katatu motsatizana, dovu likuchucha, kenako anakagona pansi pa galimoto osafuna kuyandikira munthu. Madala amene amatilondera usiku anamuyang'ana kamodzi kokha n'kunena motsimikiza kuti, "Mayi, uyu amuthirira temeki. Akuba amayamba ndi galu, usiku uno tisagone." Palibe amene anatsutsa, chifukwa tonse tinamvapo za agalu ophedwa ndi nyama yothira temeki yoponyedwa kudzera pamwamba pa mpanda. Kuwonjezera apo, sabata ziwiri m'mbuyomo tinali titakangana ndi anzathu a nyumba yoyandikana nayo chifukwa Mphezi anathamangitsa nkhuku zawo, choncho mumtima mwanga ndinali nditapeza kale wolakwa.

Tinachita zimene anthu ambiri amachita. Tinamugwira n'kumumwetsa mkaka, kenako mafuta ophikira osakaniza ndi dzira laliwisi, ndipo pomaliza madala anasinja makala a pambaula n'kuwasungunula m'madzi. Abambo a kunyumba anafuna kumuthira madzi a mchere kukhosi kuti asanze zonse, koma galu anakana ndipo tinasiya. Pambuyo pake dokotala anandiuza kuti kukana kwakeko kunamuthandiza, chifukwa mchere wambiri umatha kupha galu pawokha, ndipo mafuta omwetsa mokakamiza nyama imene ikusanza amatha kulowera m'mapapo. Anandifotokozeranso kuti makala a pambaula si ofanana ndi makala a kuchipatala, omwe amakonzedwa mwapadera kuti azikoka poizoni m'matumbo, ndiponso kuti mkaka suthetsa poizoni wa mtundu uliwonse wa zomera.

Pali chinthu chimodzi cha usiku umenewo chimene chimandipwetekabe mtima. Pamene ndinkatsuka masanzi pakhonde ndinaona tizidutswa tofiirira ndi tina tolimba ngati makoko a mtedza. Ndinaganiza kuti ndi makoko a papaya, ndinathira madzi n'kusesera pa kapinga. Ndikanawerama n'kuziyang'anitsitsa, kapena ndikanafunsa ana kuti galuyu masana anali kuti, tikanadziwa chowonadi pasanathe maola atatu chidyereni njerezo, pamene dokotala akanatha kumusanzitsa bwino ndi kumupatsa makala oyenera. Amene galu wake wayamba kusanza mwadzidzidzi asafulumire kutsuka: ajambule masanziwo ndi foni, atoleko pang'ono m'kajumbo, ndipo afunse aliyense wa pakhomo, makamaka ana ndi ogwira ntchito, amene amakhala ndi galuyo usana wonse.

Usiku umenewo sitinagone, koma akuba sanabwere. Kutacha Loweruka, Mphezi anadzuka, anamwa madzi, anagwedeza mchira ndipo ananyambitako phala pang'ono. Tonse tinapuma, ndipo madala anati makala aja agwira ntchito. Akulu akale anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala, koma ife tinadala madzi asanafike n'komwe. Chimene sitinadziwe n'chakuti temeki sachita choncho. Galu amene wadya temeki amayamba kunjenjemera minofu, kutsegula m'mimba ndi kutuluka thovu pasanapite nthawi, mwana wa diso amachepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri nkhani yake imatha m'maola ochepa. Galu wathu sananjenjemere, anangosanza n'kufooka kenako n'kuoneka ngati wachira, ndipo zimenezi zikanatichenjeza kuti tikulimbana ndi chinthu china.

Pofuna kutsimikiza, ndinaitana munthu wina wodziwa za ziweto amene amayendera makola m'dera lathu. Anamuyang'ana galuyo, anapeza nkhupakupa ziwiri kukhutu, nanena kuti mwina ndi matenda a nkhupakupa. Anamubaya jakisoni ndipo ndinalipira K15,000. Sindimuimba mlandu waukulu, chifukwa analibe chipangizo choyezera magazi, ndipo ine sindinamuuze chilichonse chokhudza njere, popeza nanenso sindinkadziwa. Koma jakisoniyo anandipatsa mtendere wabodza wa tsiku lina lathunthu. Masana omwewo ndinakumana ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo pageti, ndipo ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano, okhudza anthu opha ziweto za anzawo chifukwa cha nkhuku.

Lamlungu madzulo zinthu zinasintha. Mphezi anakana ngakhale nyama, anayambanso kusanza, ndipo chimbudzi chake chinali chakuda ngati phula. Nditakweza mlomo wake ndi kuwalitsa tochi ndinaona nkhama zake zili zachikasu, ndipo mbali yoyera ya maso inalinso chimodzimodzi. Mimba inali itayamba kutupa, ndipo ndikaigwira ankabuula. Apa mantha anandigwira kwenikweni, chifukwa chikasu chotere ndinachionapo pa munthu wodwala chiwindi.

Tinagwirizana zopita naye ku Blantyre, kumene kuli zipatala za ziweto zokhoza kuyeza magazi, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 60. Koma inali nthawi ija mafuta a galimoto ankasowa m'dziko muno, ndipo galimoto yathu inali ndi petulo wosakwana kufika ngakhale pa Namadzi. Abambo anakhala pa mzere kuyambira m'bandakucha wa Lolemba osaphula kanthu, mpaka tinachita hayala galimoto ya munthu wina pa mtengo wa K90,000 kupita ndi kubwera. Tinafika kuchipatala cha m'ma 11 koloko, patadutsa masiku pafupifupi atatu chidyereni njere zija. Ndikanakhala ndi nambala ya dokotala wa ziweto m'foni mwanga, ndikanamuimbira Lachisanu usiku, ndipo mafunso amene anandifunsa Lolembalo akanandifunsa pa foni. Nambalayo ndinayamba kuifunafuna galu ali kale chigonere.

Dokotalayo sanayambe ndi jakisoni. Anatenga dontho la magazi kukhutu n'kuliyang'ana pa makina oonera tizilombo, ndipo sanapeze tizilombo ta matenda a nkhupakupa, amene nawonso amabweretsa chikasu. Anatenganso magazi ena oyezera chiwindi, ndipo podikira zotsatira anandifunsa ngati pakhomo pali mankhwala a makoswe, ngati galu anadya gaga wovunda, ngati anapatsidwa mapiritsi a anthu monga panado. Zonse ndinakana. Kenako anati, "Mayi, nanga pabwalo panu pali maluwa anji?" Funsolo linandidabwitsa, ndipo ndinayankha kuti ndi maluwa wamba. Iye anapempha kuti wina kunyumba ajambule chomera chilichonse n'kutumiza pa WhatsApp. Mwana wanga uja, amene sanapite kusukulu tsikulo chifukwa cha kulira, ndiye anajambula, ndipo pansi pa chithunzi cha mulu wa kudzala analemba kuti, "Amayi, izi ndi zimene Mphezi ankadya Lachisanu."

Dokotala ataona chithunzicho anangopukusa mutu. Anandiuza kuti kamtengoko si kanjedza ayi, ngakhale Azungu amakatchula kuti sago palm. Dzina lake la sayansi ndi Cycas revoluta, kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa dziko la Japan, ndipo kali m'banja la zomera zotchedwa cycad. Mbali iliyonse ya chomerachi ili ndi poizoni wotchedwa cycasin, koma njere ndizo zili ndi wambiri, moti njere imodzi kapena ziwiri zimatha kupha galu. Poizoniyu akafika m'matumbo amasanduka chinthu china chimene chimawononga chiwindi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake galu amasanza tsiku loyamba, n'kuoneka ngati wapeza bwino, kenako n'kugwa pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu chiwindi chikayamba kulephera. Anawonjeza kuti m'dziko muno tili ndi mtundu wathu wa cycad womera ku Mulanje, wotchedwa Encephalartos gratus, umene anthu ena amadzala pakhomo, ndipo nawonso si wosewera nawo. Zotsatira za magazi zitatuluka zinasonyeza kuti chiwindi cha Mphezi chinali chitawonongeka kwambiri, ndiponso kuti magazi ake sankaundana msanga monga ayenera.

Anandiuza mosabisa kuti poizoni ameneyu alibe mankhwala omuthetsa. Nthawi yosanzitsa inali itadutsa kale, ndipo chimene chinatsala chinali kuthandiza thupi kuti lipirire mpaka chiwindi chiyambe kudzikonza chokha, ngati chingathe. Anamuika dripi, anamupatsa mankhwala oletsa kusanza, oteteza m'mimba ku zilonda, othandiza chiwindi, ndi vitamini K wothandiza magazi kuundana. Ananenanso kuti agalu ambiri amene amafika pa mlingo umenewu sapulumuka, ndipo anandipempha kuti ndiganizire bwino za ndalama ndisanasaine, chifukwa ndikhoza kulipira zonse galu n'kufabe. Ndinatuluka panja kukaimbira abambo. Iwo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Mayi a ana, galuyu tamupweteka ndife, tiyeni tiyese." Ndinasaina, ndinalipira K200,000 yoyambira, ndipo ndinabwerera ku Zomba ndi unyolo wake m'manja.

Lachitatu ndilo linali tsiku loipa koposa. Anandiimbira m'mawa kuti galu wayamba kuyenda dzandidzandi ndi kutsamiritsa mutu kukhoma, zomwe zimachitika zoipa zimene chiwindi chalephera kusefa zikafika ku ubongo, ndiponso kuti pamene anamubaya pakukha magazi. Dokotala anati ngati sipakhala kusintha pofika mawa, zidzakhala zachifundo kumupha ndi jakisoni kuti asazunzike. Ndinali mu ofesi pamene ndinalandira foniyo, ndipo ndinakadzitsekera m'chimbudzi kulira, chifukwa sindikanatha kufotokozera anzanga kuti ndikulirira galu. Mlamu wanga atamva za ndalama zimene tinali titalipira anaseka n'kunena kuti tikanagula mbuzi zingapo ndi agalu ena khumi. Sindimunena kuti analakwitsa masamu ake, ndipo banja lililonse liyenera kuyeza thumba lake pa nkhani yotereyi popanda manyazi. Chimene ndinganene n'chakuti ulendo umodzi wa Lachisanu usiku ukanatidyera kagawo kochepa chabe ka ndalama zimenezi.

Lachinayi madzulo Mphezi ananyambita chakudya pa chala cha wothandizira dokotala, ndipo Lachisanu anaimirira yekha. Anayezanso magazi n'kupeza kuti manambala a chiwindi, ngakhale anali okwerabe, ayamba kutsika. Tinakamutenga Lolemba lotsatira atagona kuchipatalako masiku asanu ndi awiri, ataonda mpaka nthiti kuwerengeka. Ndikaphatikiza chipatala, kuyeza magazi kangapo, mankhwala opita nawo kunyumba ndi maulendo, tinawononga ndalama zoposa pang'ono K700,000. Gawo lina tinakongola ku banki mkhonde ya kuntchito, ndipo ngongoleyo ndinamaliza kubweza mu Epulo chaka chotsatira.

Asanabwere kunyumba, ndinatumiza kwa dokotala zithunzi zonse zimene mwana wanga anajambula, ndipo yankho lake linandichititsa manyazi. Mpanda wa maluwa achikasu ooneka ngati belu umene uli kumbuyo kwa nyumba unali yellow oleander, umene zipatso ndi masamba ake ali ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima, chimodzimodzi ndi oleander wa maluwa ofiirira amene amadzalidwa m'mphepete mwa misewu ndi m'masukulu. Kachitsamba kamene maluwa ake amasintha mtundu kuchoka pa pepo kufika poyera, kotchedwa Brunfelsia, kamachititsa galu kunjenjemera ndi kukomoka akadya zipatso zake. Chomera cha masamba akuluakulu a mawanga oyera chimene ndinagula ndekha kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu n'kuchiika pabalaza chinali Dieffenbachia, chimene kawirikawiri sichipha, koma chimawotcha m'kamwa ndi kutupitsa lilime. Panalinso lantana womera yekha pakona, amene amawononga chiwindi cha ziweto, ndi nsatsi ziwiri pafupi ndi dzala, zomwe njere zake zili ndi poizoni wotchedwa ricin. Nkhadze yokha ndiyo ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana kuti utomoni wake umapweteka maso, ndipo ndinazindikira kuti zomera za kumudzi makolo anatichenjeza nazo, pamene za m'tauni zobwera kuchokera kunja timangozidzala chifukwa cha kukongola, osafunsa ngakhale dzina. Ndakhala ndikudutsa pafupi ndi maofesi a National Herbarium and Botanic Gardens kuno ku Zomba tsiku ndi tsiku, osaganizapo kuti ndingafunse anthu odziwa zomera za zimene zili pakhomo panga.

Popeza nyumbayo si yathu, tinayenera kupempha chilolezo kwa eni ake, ndipo zinatenga milungu iwiri kuti avomere. Anakana zodula mpanda wa oleander, koma analola kuti timitengo ta pakhonde tichotsedwe ndipo anatumiza galimoto kudzatitenga. Pa milungu imeneyo Mphezi ankakhala m'khola kapena pa unyolo, ndipo ine ndi ana tinayenda chogwada pa kapinga yense kutola njere, ndipo tinapeza zina khumi ndi imodzi, zina zitakwiririka m'dothi. Mpanda uja tinautchinga ndi waya wa nkhuku, ndipo zipatso zikagwa timatola titavala magolovesi. Dokotala anatichenjeza kuti nthambi za oleander tisazitenthe kapena kusonkhera moto wophikira, chifukwa utsi wake nawonso ndi woipa, choncho timazikwirira m'dzenje lakuya kunja kwa malo amene galu amafika. Bambo wotisamalira pabwalo tsopano saunjikanso zodula pansi, amaziika m'thumba nthawi yomweyo. Ndikaganiza kuti kamdzukulu ka madala, ka zaka ziwiri, kankasewera pa masitepe omwe aja, thupi limachita tsemwe, chifukwa njerezo ndi zoopsa kwa mwana monga zilili kwa galu.

Ntchito yovuta kuposa kukumba mitengo inali kupita ku nyumba yoyandikana nayo. Ndinatenga nkhuku imodzi ya thadzi, ndinagogoda, ndipo ndinati, "Mayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinakunenerani zoipa pa chinthu chimene simunachite." Anandilandira ndi kundipatsa mpando, koma anandiuza mosapita m'mbali kuti mawu anga aja anali atafika kale kutchalitchi kwawo, ndipo zinamutengera nthawi kuti ayambenso kundipatsa moni monga kale. Ndisanachoke ndinaona pakhonde pake kamtengo komwe kaja kali kakang'ono mumphika, ndipo ndinamuonetsa chithunzi cha nkhama za Mphezi.

Mphezi ali moyo, koma si galu amene anali kale. Amatopa msanga, sanabwezeretse thupi lake lonse, ndipo sitimupatsanso mafupa a mafuta kapena zotsala za ndiwo zokazinga. Amadya pang'onopang'ono kanayi pa tsiku, kawirikawiri mpunga kapena nsima yofewa ndi dzira lowiritsa kapena nyama ya nkhuku yopanda khungu, monga anatilangizira. Kwa miyezi itatu yoyamba tinkapita naye ku Blantyre mwezi uliwonse kukayeza magazi, ndipo tsopano timapita pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, chifukwa dokotala anati agalu ena amene apulumuka poizoni ameneyu chiwindi chawo chimadzalephera pambuyo pake. Paulendo wapitawu manambala awiri anali atabwerera m'malo mwake, koma limodzi linali likadali lokwera, ndipo anatipatsa tsiku lina loti tikabwerenso.